Kodi boma linkadziwa kuti Palma aukiridwa?

Inu amene munaona nkhondo ya zaka 16 kuno ku Chidzolomondo mukudziwa mmene mfuti imalirira mosayembekezeka. Ambiri munathawira ku Malawi, ku Ntcheu ndi ku Dedza, mwana kumsana, mtolo pamutu. Mpaka lero, tikakhala pansi pophunzira kuwerenga, wina safuna kumva zambiri, amangoti: "Akuluakulu ankadziwa, anangotisiya dala." Mawu omwewa anamvekanso pa nkhani ya Palma. Tiyeni tiwaunike bwinobwino.

Pa 24 Marichi 2021, zigawenga zinalowa m'tauni ya Palma ku Cabo Delgado. Anthu ambiri anaphedwa, ena zikwizikwi anathawira m'chire ndi m'maboti. Tsiku lomwelo, kampani ya Total inali italengeza kuti iyambiranso nchito yake ya gasi ku Afungi, pafupi ndi Palma, boma litalonjeza kuteteza dera lonse la makilomita 25 kuzungulira malowo. Palma inali mkati mwa deralo. Ndiye anthu nkumafunsa: zinatheka bwanji?

Apatu pali zinthu zitatu zosiyana, ndipo mphekesera imaziphatikiza m'poto mmodzi.

Coyamba: kodi boma linkadziwa kuti ngozi ilipo? Inde, ndipo aliyense ankadziwa. Nkhondoyi inayamba pa 5 Okutobala 2017 ku Mocímboa da Praia. Mu Ogasiti 2020 zigawenga zinalanda tauniyo, msewu wopita ku Palma unakhala woopsa, cakudya cinkabwera pa nyanja.

Caciwiri: kodi linakonzeka mokwanira? Zimene zinacitika zikuyankha zokha. Anthu wamba sanatetezedwe.

Cacitatu: kodi linadziwa tsiku ndi ola, nkulola dala kuti anthu afe? Limeneli ndi dandaulo lalikulu, lofunika umboni: kalata, lamulo lolembedwa, mboni yoima poyera ndi dzina lake. Komanso dzifunseni kuti boma likanapindulanji. Mu Epulo 2021 Total inaimitsa nchito ya madola pafupifupi 20 biliyoni imene boma linkaidalira, ndipo mu Julayi asilikali a ku Rwanda anacita kubwera kudzathandiza.

Nkhani ngati iyi si ya kwathu kokha. Pa 7 Disembala 1941, ndege za Japan zinaphulitsa doko la nkhondo la Pearl Harbor ku Hawaii, m'dziko la America, ndipo anthu oposa 2,400 anafa. Mpaka pano ena amati pulezidenti Franklin Roosevelt ankadziwa, koma anakhala cete kuti apeze cifukwa colowera nkhondo. Nyumba ya malamulo ya dzikolo inafufuza mu 1945 ndi 1946. Inapeza kuti macenjezo analipo, koma akuluakulu ankayembekezera kuti Japan amenya ku Philippines ndi madera ena a ku Asia. M'mawa wa tsikulo, asilikali awiri anaona ndege zambiri pa makina a radar, koma mkulu amene anamuuza anayesa kuti ndi ndege zawo zomwe. Umboni woti Roosevelt analola dala sunapezeke. Cimene cinapezeka ndi kunyalanyaza ndi kusamvana kwa maofesi.

Zikacitika, zizindikiro zonse zimaoneka poyera. Mbuzi ikabedwa, aliyense amakumbukira kuti galu anauwa usiku, kuiwala kuti galuyo amauwa usiku uliwonse.

Nanga ndikukuuzani kuti muzingokhulupirira boma? Ayi ndithu. Maboma amabisa zinthu, ndipo kufunsa ndi ufulu wanu. Koma taonani: mukangoti "cinali ciwembu", nkhani yathera pomwepo, ndipo wonyalanyaza uja wapulumuka, poti ciwembuco palibe angaciloze ndi cala. Mafunso amene amaluma ndi awa: ku Palma kunali asilikali angati? Ankalondera ciani, gasi kapena anthu? Cenjezo linafika kwa yani, ndipo iye anacitapo ciani? Mafunso otere ali ndi mayankho, ndipo wina angathe kuimbidwa nawo mlandu.

Tsono uthenga ukafika pa WhatsApp woti "boma linkadziwa", musathamangire kuutumiza. Uwerengeni kawiri. Wolemba ndani? Akunena tsiku liti, malo ati? Iye anaona yekha, kapena anangomva? Paja munaphunzira kuwerenga kuti wina asamakuwerengereni kalata yanu nkuwonjezamo zake.