Mawu a Mkonzi: Phala labweza ana kusukulu, koma madzi ali kuti?

Pa 20 Malichi 2020 boma la Zambia linatseka masukulu onse chifukwa cha Covid-19. Ana a makalasi a mayeso anabwerera pa 1 Juni, anzawo onse anadikira mpaka pa 21 Sepitembala. Mphunzitsi aliyense wa kumudzi kuno Kummawa akudziwa zimene miyezi imeneyo inachita: anyamata ena anazolowera kubusa ng'ombe, atsikana ena anatenga mimba kapena kukwatiwa, ndipo belu litaliranso mabenchi ena anatsala opanda eni.

Mwa mabungwe amene sanatitaye pa nthawiyo, nyuzipepala ino ikuyamikira la Mary's Meals. Linayamba kudyetsa ana m'dziko la Malawi mu 2002, pansi pa utsogoleri wa a Magnus MacFarlane-Barrow a ku Scotland, ndipo linafika ku Chipata mu 2014. Lero mapoto ake akuwira m'masukulu a ku Mambwe, Lundazi ndi maboma ena. Bungweli limabweretsa ufa wa chimanga ndi soya wothiramo mavitamini, koma ophika ndi makolo a pamudzi pomwepo, makamaka amayi amene amalawirira m'mamawa kutunga madzi ndi kusonkha moto popanda malipiro. Masukulu atatsekedwa, ufawo unaperekedwa kwa makolo kuti akaphikire ana kunyumba. Atatsegulidwa, kapu ya phala inakopa ana ambiri kuposa kalata iliyonse ya aphunzitsi aakulu, pakuti mwana wogona ndi njala amadziwa kumene kukufuka utsi.

Koma mliri wina unatikumbutsa kuti phala palokha silikwanira. Mu Januwale 2023 kolera inabuka ku Vubwi, kufupi ndi malire a Malawi. Chaka chotsatira inavuta kwambiri ku Lusaka, mpaka bwalo la masewera la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko lonse. Masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 anatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Kolera imayenda ndi madzi oipa ndi manja osasamba. Pasukulu pamene ana mazanamazana akudyera pamodzi, mjigo uli wakufa, sopo palibe, zimbudzi ziwiri zokha, ngozi ili pakhomo penipeni. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022 ana achuluka zedi, ndipo ndi chinthu chokondweretsa, koma zimbudzi ndi mijigo sizinachuluke nawo.

Apa mpamene ife eni ake tiyenera kunyamula mbali yathu. Bungwe lachifundo labweretsa ufa. Si bwino kuliyembekezera kuti likumbenso zitsime zonse. Ndalama za boma za chitukuko za CDF zinakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse mu 2022, ndipo zakhala zikukwerabe. Makomiti a m'mawodi asamangosankha zomanga zooneka patali pamsewu. Mjigo wa pasukulu, khitchini ya denga labwino ndi malo osambira m'manja zilembedwe poyambirira.

Mafumu ndi anyakwawa afufuze ana amene sanabwererebe kusukulu. Lamulo la 1997 limalola mtsikana amene wabereka kubwerera m'kalasi, ndipo makolo ambiri akufunika kuuzidwa zimenezi pabwalo. Inu a komiti ya makolo ndi aphunzitsi (PTA), pitani mukaone mjigo wa pasukulu yanu sabata ino, ndipo ngati ndi wakufa, kauzeni akhansala mvula isanagwe.