Mankhwala a mutu tawasandutsa tiyi wa m'mawa

 Lero ndikudzudzula chizolowezi chimene chalowa m'nyumba za Akhristu kuyambira ku Mvera kukafika ku Malomo, ife n'kumangochiyang'ana. Mankhwala opha ululu okhala ndi caffeine tikuwamwa popanda ululu. Wosoka fodya m'chigafa amayamba wamwa asanakhale pansi. Mnyamata wa kabaza pa Mponela amatsitsira mapiritsi awiri ndi chakumwa cha m'chitini chija amati chopatsa mphamvu. Amayi amene achezera usiku pamaliro amatuma mwana ku okala kusanache. Mukafunsa kuti chikupweteka n'chiyani, amati palibe, akungofuna thupi litakasuke.

Chimene chimatakasa thupicho ndi caffeine, yemweyo wa mu khofi ndi mu tiyi wathu wa ku Thyolo ndi Mulanje. Opanga mankhwala amamuikamo chifukwa amawonjezera pang'ono mphamvu ya mankhwala opha ululu, ndipo pamenepo palibe cholakwa. Koma caffeine amathamangitsa tulo ndi kubisa kutopa, choncho munthu wofuna mphamvu yabodzayo amameza ndi mankhwala amene thupi lake silinapemphe. Cafemol dzina lake likunena lokha: caffeine ndi paracetamol. Grand-Pa, ufa umene ana athu amabweretsa m'zikwama kuchokera ku South Africa, muli aspirin, paracetamol ndi caffeine. Med-Lemon, wosungunula m'madzi otentha uja, muli aspirin ndi caffeine.

Amene amandiopsa kwambiri ndi amadzimadziwa. Piritsi munthu amaliwerenga, limodzi, awiri, ndipo chikumbumtima chimamugwira pa lachitatu. Koma chinthu chofunda, chotsekemera, chonunkhira ndimu, chimalowa ngati chakumwa, ndipo kapu yachiwiri siwoneka ngati tchimo. Botolo la mankhwala a chimfine limabwera ndi kachikho koyezera, koma kachikhoko kamasanduka chidole cha ana tsiku lomwelo, akuluakulu n'kumamwera pakamwa pa botolo. Kukamwa kwa munthu si muyeso. Supuni zathu za m'khitchini nazonso sizilingana. Ya kwa apongozi imaposa yanu.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Munthu wamkulu wathanzi asapyole mamiligalamu 4,000 a paracetamol pa maola 24. Amenewo ndi mapiritsi 8 a mamiligalamu 500, awiri pa nthawi imodzi, motalikitsa maola osachepera anayi. Tsopano onani zimene timachita. M'mawa Panado awiri. Masana mutu sunaleke, Cafemol awiri, poganiza kuti ndi mankhwala ena. Madzulo Grand-Pa, usiku mankhwala a chimfine a m'botolo amenenso ena mwa iwo muli paracetamol. Mayina anayi, mankhwala amodzimodzi, ndipo onse akukathera m'chiwindi chimodzi. Choopsa cha paracetamol n'chakuti akapyola muyeso munthu amatha kumva bwino tsiku loyamba, chiwindi chikuwonongeka mwakachetechete, maso n'kudzachita chikasu patapita masiku. Kwa womwa kachasu, ndi kwa wowonda amene sakudya mokwanira m'miyezi ya njala, malire aja amatsikanso. Amene wapyola athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire zizindikiro.

Aspirin ali ndi mlandu wake. Amakanda m'mimba, makamaka mopanda kanthu, ndipo kwa wa zilonda za m'mimba amatha kuchititsa kutaya magazi. Mwana wosakwana zaka 16 sapatsidwa aspirin popanda dokotala. Mayi woyembekezera asamwe za caffeine ndi aspirin izi asanafunse kusikelo.

Palinso msampha umene ambiri saudziwa. Munthu akamamwa mankhwala osakaniza otere masiku 10 kapena kuposa pa mwezi, miyezi ingapo yotsatizana, mankhwalawo ndiwo amayamba kubala mutu. Akadzuka osamwa, mutu ukuwawa, akamwa, waleka, iye n'kumayamika mankhwala amene amumanga unyolo. Ena amafika mpaka poloza chala agogo a m'mudzi kuti akuwalodza, pamene mfitiyo ili m'thumba la malaya awo.

Ululu uli ngati galu wouwa usiku. Wanzeru amatuluka ndi tochi kukaona chimene chalowa m'khola. Ife tikumanga galuyo pakamwa n'kubwerera kukagona. Mutu wa malungo umaziziritsidwa ndi mankhwalawa tizilombo tikuchulukabe m'magazi, chonsecho kuyeza malungo ndi kulandira LA n'kwaulere m'zipatala za boma. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse m'Malawi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka sankadziwa. Wotere akamathira caffeine pamwamba pa caffeine akusonkhezera moto umene ukumutentha. Kuyezetsa BP sikutenga ngakhale nthawi ya nyimbo imodzi ya kwaya.

Ndikudziwa ena anena kuti mkulu wa mpingo akambe za Baibulo, za mankhwala asiyire madokotala. Werengani Katekisimu wa Heidelberg wa 1563, funso 105, pa lamulo lachisanu ndi chimodzi: amatiphunzitsa kuti lamulo loletsa kupha limaletsanso kudzivulaza ndi kudziika dala pangozi. Werenganinso 2 Mafumu 20. Hezekiya anapemphera ndi misozi, Mulungu anamva, komabe Yesaya analamula kuti pachithupsa paikidwe nkhuyu. Pemphero linalipo, mankhwala analipo, ndipo mfumu sinadzisankhire yokha mankhwalawo.

Mawu anga olemera apite kwa inu Akhristu a maokala ndi magolosale. Mumadula paketi n'kugulitsa piritsi limodzilimodzi, pepala la malangizo n'kukulungira mchere. Botolo limakhala padzuwa pawindo mpaka zilembo kufufutika, tsiku lothera mphamvu osaonekanso. Mumagulitsa kwa mwana wa sitandade 3 osafunsa kuti akamwa ndani. Bungwe la boma loyang'anira mankhwala, PMRA, silingafike pa okala iliyonse m'mapiri a Ntchisi, koma inu Lamulungu mumafika pa gome la Ambuye. Munthu mmodzimodzi akabwera kudzagula kachitatu pa sabata, muuzeni apite kuchipatala, ngakhale phindu la tsikulo lichepe.

Inu a ku Joni, musanatumize katundu wa Khirisimasi, chotsanimo mabokosi a ufa aja. Makolo anu atumizireni ndalama ya ulendo wa kuchipatala cha Dowa kapena cha Ntchisi. Amayi a Chigwirizano, pa msonkhano wanu wotsatira aliyense abwere ndi mapaketi ndi mabotolo amene ali m'nyumba mwake, muitane namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, awerenge nanu zolembedwa kumbuyo chimodzichimodzi, ndipo mulembe chizindikiro pa chilichonse chimene muli paracetamol.