Geti ya motoka isakhale msampha wa ana

Inu amene mumakwela mabasi a ku Chipata mudziŵa kuti mukawoloka mlatho wa Luangwa n'kutsiliza mapili aja, basi imaima pa Nyimba ndipo azimai a nthoci amathamangila pa mawindo. Ulendo wina mukadzaponyeko maso kuseli kwa mashopu. Mudzaona nyumba zatsopano za mabuloko, mipanda italiitali, ndi mageti acitsulo aakulu oti motoka iloŵe. Ambili mwa eni nyumbazo ndi ife tomwe, ana a ku Nyimba ndi ku Petauke amene timapanikizana m'minibasi pa Kulima Tower m'maŵa uliwonse, kwinaku tikutumiza ndalama kwathu kuti puloti isakhale thengo.

Kumanga n'kwabwino, ndipo ine ndimaombela m'manja aliyense amene wafika poika geti. Cimene cimandidetsa nkhawa n'cakuti geti timaigula monga cokongoletsela nyumba, ikangopentewa timaiiŵala. Koma pa nyumba yonse palibe cinthu cina colemela conco cimene cimayenda tsiku lililonse. Ndipo woikankha nthawi zambili si mwini motoka. Bambo amangoliza hutala ali khale pa mpando. Wothamangila kukatsegula ndi mwana, kapena mtsikana wanchito.

Geti yokankhila m'mbali ija imaimilila pa mawilo aŵili cabe, pamwamba pa kanjanji. Zimene zimailetsa kugwa ndi timawilo ta pamwamba tomwe tili pa cipilala, ndi kacitsulo ka kumapeto kwa njanji kamene amisili amati stopa. Stopa ikathyoka, kapena ngati sanaiikepo n'komwe, mwana akakankha mwamphamvu geti imapitilila, n'kucoka pa cipilala, n'kugwa yonse pansi. Mwana wa giledi 3 sangaicilikize. Ngakhale munthu wamkulu imam'thyola mwendo. Kacitsulo koteteza zonsezi mtengo wake sufika n'komwe pa wa thumba la simenti.

Kusamalila geti sikufuna sukulu. M'cilimwe fumbi ndi mcenga zimadzaza pa njanji, ndipo kuyambila Novembala mpaka Epulo matope amabwela n'kuumila pomwepo. Tsache ndiye mankhwala ake. Ambili geti ikayamba kulimba amathila oilo wakuda wocotsa mu injini pa njanji, ati iziteleleka. Iyayi mwandi, oiloyo amagwila mcenga, ndiye mawilo amatha msanga. Njanji ikhale youma ndi yoyela. Gilizi malo ake ndi pa mahinji a geti yotsegukila mkati kapena kunja. Geti ya mahinjiyo ikayamba kukwekwesa pansi, musangoinyamula tsiku ndi tsiku. Yang'anani cipilala, mwina capendekeka cifukwa maziko ake anali osaya, ndipo uzani ana aleke kuseŵelapo katungwe.

Dzimbili nalo limayambila m'munsi, mkati mwa machubu mmene madzi amaima. Pofika poonekela kunja ndiye kuti ladya kale. Mmisili aboole timabowo pansi kuti madzi azituluka. Mu Okutobala mvula isanagwe, palani citsulo ndi bulashi ya waya, pakani penti yofiila ija ya red oxide, kenako penti ya pamwamba. Amene muli ndi citseko ca galaji kapena ca shopu copindikila m'mwamba, ici cokha musaciseŵeletse. Mkati mwake muli sipuling'i yokungika kwambili, ikafwamphuka imadula zala. Cikayamba kulemela pokweza kapena kutsika cokha, itanani wodziŵa. Paja safunsa anadya phula.

Manje tikambe za amisili. Ena timagula geti yopangilatu ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, n'kuikweza pa lole ulendo wa makilomita opitilila 300. Ikafika ku Nyimba, apo yacepa, apo yapindika m'njila, ndipo woipanga watsala ku Lusaka. Ine ndikuti patsani nchito wowochelela wa komweko, amene adzapima yekha pakhomo ndipo mudzam'peza maŵa cinthu cikavuta. Koma musam'tsitse mtengo mpaka kum'siya m'manja mulibe kanthu. Mmisili womufinya sakana nchito. Amangogula machubu opyapyala, n'kuwochelela modontheza apa ndi apo, penti n'kubisa zonse. Funsani kuti citsulo n'cokhuthala mamilimita angati, ndipo kaoneni nchitoyo isanapentewe. Stopa ya mbali zonse ziŵili ikhale pa mtengo umene mwagwilizana, ndipo ndalama yotsiliza muipeleke geti itaikidwa n'kuyesedwa.

Pali fashoni ina ya kuika mota kuti geti izitseguka ndi limoti. Mamota monga a Centurion ocokela ku South Africa ali mbwee m'mashopu a mu Lusaka. N'zabwino ndithu, makamaka pobwela usiku pamene munthu safuna kutsika m'motoka. Koma walila mvula walila matope. Mota zambili za pa nyumba zimayendela kabatile ka 12V kamene kamachajidwa ndi malaiti a ZESCO. Tonse tikumbuka caka ca 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. Miyezi ina malaiti anali kupita maola opitilila 20 pa tsiku. Batile yosakhuta conco siikhalitsa. Ngati muika mota, ganizilaninso za kasola koichaja, ndipo aliyense wamkulu pa nyumba adziŵe pamene pakhala kiyi yomasulila geti kuti ikankhidwe ndi manja. Musasiye timaso tuja toimitsa geti mwana akadutsa. Ndipo mota siicilitsa geti yodwala: mukaiika pa mawilo otha, idzangopsa. Yambani ndi stopa, mawilo ndi penti, limoti ibwele pambuyo.

Ndidziŵa kuti ambili amene muŵelenga izi m'minibasi mulibe geti yanuyanu, mukhala nyumba za lendi. Nkhaniyi ikukhudzani kuposa eni ake, pakuti ana oseŵela pa geti ndi anu. Ba landilodi, lendi mumaitenga mwezi ndi mwezi osaphonya, ndiye geti yogwedela ndi udindo wanu. Wokhala pa lendi akakuuzani, musamati tidzaona kumapeto kwa mwezi. Nayo khansolo ya Nyimba ndi ya Petauke, anthu ake akamayendela nyumba zimene zikumangidwa, aziimako pa geti n'kufunsa za stopa monga mmene amafunsila za cimbudzi.

Madzulo ano mukatsika basi, itanani wamkulu mnzanu, ana akhale patali. Kankhani geti pang'onopang'ono mpaka kumapeto, mbali zonse ziŵili, muone ngati iima yokha. Amene nyumba yanu ili kwathu ku Eastern, tumani foni kwa woisunga acite cimodzimodzi. Ikapanda kuima, imangeni ndi cheni, ana asaikhudze mpaka mmisili atabwela.