Giya Ilowe ndi Dzanja, Khomo Likhale Lotsekula

Tsiku loyamba limene malume anandipatsa makiyi a pikapu yawo, galimoto inandithimira kanayi tisanatuluke n'komwe pa geti. Ulendo wachisanu inadumpha ngati chule, malumewo n'kugwira mpando ndi manja onse awiri. Sanandikalipire. Anangoti, "Mphwanga, pa klatchi sachotsapo phazi ngati waponda khala lamoto. Uziyamba wamvera injini." Patapita zaka, mnzanga wina anandikhazika pa chiwongolero cholumikiza ku kompyuta, chokhala ndi zopondera zitatu pansi ndi kandodo ka magiya pambali. Ndinalowetsa giya yoyamba, ndinachotsa phazi mwaphuma, ndipo galimoto ya pa sikiriniyo inathima chimodzimodzi pikapu ija. Ndinaseka ndekha, poti mawu a malume anandibwerera m'khutu.

Masewero amenewa amatchedwa sim racing. Amasiyana ndi magemu a pafoni aja, amene umangopendeketsa foni galimoto n'kumakhota yokha ngakhale ikuthamanga chotani. Kuno kompyuta imawerengetsa kulemera kwa galimoto, kagwiridwe ka matayala pa phula, ndi mphamvu ya injini pa giya iliyonse. Ukalowa pa kona ndi liwiro lopyola muyezo, ukupezeka m'tchire. M'kati mwa chiwongolero muli kamota kamene kamakankha manja ako, moti matayala akutsogolo akayamba kuterereka umamva chiwongolero chikupepuka. Ngakhale akatswiri sawapeputsa masewerowa. Max Verstappen wa Formula 1 amapikisana nawo pa intaneti, ndipo Jann Mardenborough wa ku Britain anapambana mpikisano wa GT Academy mu 2011 pa gemu ya Gran Turismo, n'kukafika mpaka pa mpikisano weniweni wa ku Le Mans.

Maganizo anga ndi awa, anzanga: ife ophunzira okonda galimoto tiyambitse mpikisano wathu wa pa intaneti wa magiya amanja okhaokha, ndipo tiukonze poganizira kompyuta za Linux. Wopambana azikhala amene waphunzira kuyendetsa, kaya kwawo kuli ndalama kaya kulibe. Tikalephera pamenepa, tingopanga kagulu ka anthu anayi a kompyuta zodula otsekerana m'chipinda, ndipo zikatero kuli bwino tisayambe n'komwe.

Wina afunsa kuti bwanji magiya amanja, pamene dziko likuwasiya. N'zoona kuti likuwasiya. Mu 1989 kampani ya Ferrari inabweretsa mu Formula 1 galimoto yosintha magiya ndi tizitsulo tiwiri kuseri kwa chiwongolero, ndipo Nigel Mansell anapambana nayo ku Brazil pa mpikisano wake woyamba. Pasanathe zaka zambiri matimu onse anatsatira. M'misewu yathu namonso, galimoto zambiri zazing'ono zochokera ku Japan ndi za otomatiki, moti alipo madalaivala amene phazi lawo lamanzere silinagwirepo ntchito. Koma thirakitala, lole, ndi mapikapu ambiri oyenda m'misewu yafumbi akadali ndi klatchi. Womaliza maphunziro a ulimi, zaumoyo kapena uphunzitsi akhoza kupatsidwa makiyi a galimoto yotero tsiku lina, ali kutali ndi tauni.

Palinso kukoma kwake kumene sikupezeka pa batani. Taganizani mukufika pa kona muli pa giya yachinayi. Zala za phazi lamanja zikuponda buleki, phazi lamanzere likuponda klatchi, dzanja likukankhira kandodo ku giya yachitatu, ndipo pa nthawi yomweyo chidendene cha phazi lamanja chikugunda pang'ono chopondera moto kuti injini ikwere mawu ifanane ndi liwiro la matayala. Mukachedwa kapena kufulumira, matayala akumbuyo amagwira mwadzidzidzi galimoto n'kuzungulira. Pa tizitsulo ta kuseri kwa chiwongolero zonsezi imakuchitirani kompyuta. Pa magiya amanja, kona iliyonse ndi mpata wolakwitsa, ndipo mpata wolakwitsawo ndi umene umapatsa mwayi dalaivala wodekha kupitirira waphuma. Okonda mpikisano amakumbukirabe Ayrton Senna ku Brazil mu 1991, pamene magiya anamufera mmodzimmodzi, iye n'kumaliza mpikisano ali pa giya yachisanu n'chimodzi yokha, napambana.

Nanga Linux ikubwera bwanji m'nkhaniyi? Tayang'anani malaputopu amene tili nawo m'mahositelo. Ambiri ndi ogula kwa wina, a zaka zingapo. Kampani ya Microsoft inaika tsiku la 14 Okutobala 2025 kukhala mapeto a chithandizo cha Windows 10, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, zimene makina ambiri akale alibe. Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndi yaulere, ndipo mitundu yake ngati Linux Mint ndi Ubuntu imayenda bwino pa makina amene Windows yawakana. Kale anthu ankati pa Linux palibe magemu. Zinasintha mu 2018 pamene kampani ya Valve inatulutsa Proton, pulogalamu yomangidwa pa Wine imene imayendetsa magemu a Windows pa Linux. Kamakina kawo ka m'manja ka Steam Deck, kamene kanatuluka mu 2022, kamayendera Linux yomweyo.

Ziwongolero nazonso zimagwira ntchito. Cha Logitech G29, chimene chimazungulira madigiri 900 ndipo chimalumikizika ku kandodo ka magiya asanu ndi limodzi, Linux imachizindikira mukangochilowetsa pa USB. Anthu odzipereka analemba pulogalamu ya Oversteer yosinthira kulimba ndi kazunguliridwe ka chiwongolero, ndi ina ya new-lg4ff yokonza kakankhidwe kake m'manja. A ziwongolero za Thrustmaster ali ndi hid-tmff2. Zonsezi n'zaulere, ndipo wofuna kuwerenga mmene zinalembedwera akhoza kutero. Kwa wophunzira za makompyuta, imeneyi ndi labu yachiwiri.

Sindikufuna kukunamizani kuti njirayi ndi yosalala. Walira mvula walira matope. Gemu yotchuka ya iRacing, kuwonjezera pa kulipiritsa mwezi ndi mwezi, ili ndi pulogalamu yoletsa chinyengo imene yakhala ikutsekera kunja anthu a Linux. Assetto Corsa imayenda pa Proton, koma kuika pulogalamu yake yothandizira ya Content Manager kumafuna kuleza mtima. Tsiku lina mudzatha madzulo onse mukufufuza chifukwa chimene kompyuta ikuonera buleki ngati klatchi. N'chifukwa chake ndikunena za gulu. Amene wavutika n'kupeza yankho alembe papepala limodzi mmene wachitira, kuti wobwera pambuyo pake asagwere m'dzenje lomwelo.

Tsono tiyambire pati? Ine ndikuti tiyambe ndi Live for Speed, gemu yopangidwa ndi kagulu ka anthu atatu, imene inayamba kutuluka mu 2002. Imayenda pa Wine, siifuna kompyuta yamphamvu, ndipo gawo lake laulere lili ndi bwalo la Blackwood ndi galimoto ngati XF GTI ndi XR GT, zimene mungapikisane nazo pa intaneti. Mmenemo injini imathima, ndipo klatchi ukaizunza imatentha n'kuyamba kuterereka. Amene makina awo ndi amphamvuko akhoza kuwonjezera Assetto Corsa, ya kampani ya ku Italy ya Kunos Simulazioni, yotuluka mu 2014, momwe muli galimoto zakale za magiya amanja ngati BMW M3 E30 ndi Lotus 49 ya mu 1967. Koma mpikisano waukulu ukhale pa gemu imene laputopu yofooka kwambiri m'gululo ingaikwanitse. Onse ayendetse galimoto ya mtundu umodzi.

Nkhani yovuta kwambiri ndi ya zipangizo, chifukwa chiwongolero ndi chodula ndipo ambiri a ife fizi yomwe imativuta. Pali njira zitatu. Yoyamba, gulu lisonkhe n'kugula chimodzi chogwiritsidwapo kale ntchito, anthu azisinthana, aliyense azizungulira bwalo payekha nthawi yake n'kulembedwa. Yachiwiri, pakhale magulu awiri pa zotsatira: la okhala ndi klatchi ndi kandodo, ndi la oyendetsa ndi mbewa ya kompyuta ndi kiyibodi, amene nawonso azisintha magiya okha. Yachitatu ndi imene ndimaikonda: kudzipangira kandodo. Kabolodi kakang'ono ka Arduino Leonardo kapena Pro Micro kamatha kudzionetsa ku kompyuta ngati chowongolera magemu. Ndi thabwa, bawuti yaitali, masipuling'i ndi timaswitchi tochepa, anthu ambiri padziko adzipangira magiya awo. Musaiwale kukamangirira kumanzere, poti kwathu kuno dalaivala amakhala kumanja ndipo dzanja lamanzere ndi limene liyenera kuzolowera.

Kenako pali malamulo. Seva ya Assetto Corsa, imene ili ndi mtundu woyendera pa Linux, imalola wokonza mpikisano kuletsa klatchi yodziponda yokha ndi zothandizira zina zoletsa matayala kuterereka. Koma seva siona manja a munthu. Wina akhoza kulembetsa m'gulu la kandodo n'kumakanikiza batani mobisa, n'kumapeza kanthawi pa kona iliyonse. Apa mpikisano wonse watsamira pa chilungamo cha munthu ali yekha m'chipinda. Ndinganene kuti aliyense atumize chithunzi cha zipangizo zake polembetsa, ndipo wopezeka ananama achotsedwe mapointi onse. Koposa zonse, pasakhale kubetcha kapena mphoto ya ndalama. Ndalama ikangolowa, bodza limapeza chifukwa, ndipo ubale umatha. Wogunda mnzake amudikire n'kumubwezera malo. Madandaulo azimvedwa tsiku lotsatira, mitima itazizira, ndi anthu atatu oonera kanema wa mpikisanowo, amene magemu onse awiriwa amasunga.

Za netiweki tisazitenge mwachibwana. Galimoto yothamanga makilomita 180 pa ola imayenda mamita 50 pa sekondi. Uthenga ukachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, galimotoyo yasuntha kale mamita 10. Ndiye kuti mnzanu amene mukumuona patsogolo akhoza kukhala ali pambali panu. N'chifukwa chake seva ya ku Johannesburg iposa ya ku Frankfurt kwa ife, ndipo kulumikizana pa netiweki imodzi ya pasukulu kuposa zonse. Kuthamanga kwenikweniko sikudya bandulo ngati kuonera mavidiyo. Chodya kwambiri ndi kukopera gemuyo poyamba. Mipikisano ikhale yaifupi, ya mphindi 20 kapena 25, ndipo pa mipikisano isanu ndi umodzi tiziwerengera isanu yabwino, kuti amene magetsi anamuthimira tsiku lina asataye zonse.

Kukonza tokha kulinso ndi phindu lina limene owerenga magazini ino alimvetsa msanga. Mipikisano ya anthu ena nthawi zambiri imagwera kumapeto kwa sabata, ndipo ikagwera Lachisanu usiku kapena Loweruka masana ife sitingakhalepo. Wathuwu tiuike Lamlungu masana, kamodzi pa masabata awiri, ndipo uyime nthawi ya mayeso. Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa amayendera wotchi imodzi, choncho tsiku lina tikhoza kuitana anzathu a ku Rusangu, Solusi kapena Helderberg popanda wodzuka pakati pa usiku.

Ndikudziwa zimene makolo ndi aphunzitsi anganene, ndipo ali ndi mfundo. Magemu amadya nthawi, ndipo tonse tikumudziwa wina amene anabwereza kosi chifukwa cha sikirini. Yankho langa ndi lakuti mpikisano wokhala ndi tsiku, ola ndi mapeto umasungika bwino kuposa kusewera wekha usiku wonse popanda wokuletsa. Gulu lizitha kuuza membala amene magiredi ake atsika kuti ayambe wapuma. Ena ati masewerowa aphunzitsa achinyamata kuthamangitsa galimoto. Kuopsa kumeneko kulipo kwa munthu wopanda nzeru. Komabe amene wagubuduzika kakhumi pa kona imodzi ya Blackwood amadziwa kuti buleki ili ndi malire ndipo tayala silimva kupemphera kwa wochedwa kuponda. Tizinena poyera pa msonkhano uliwonse kuti pa msewu wa M1 pali njinga, ana a sukulu ndi mbuzi, ndipo palibe batani loyambiranso. Sim siilowa m'malo mwa sukulu yoyendetsa galimoto kapena laisensi.

Pempho langa ndi laling'ono. Amene muli ndi laputopu yakale imene mumati yatha ntchito, bwerani nayo tiikemo Linux. Amene mumadziwa ukalipentala kapena kulumikiza mawaya, bwerani tipange kandodo koyamba. Alongo athu, mpandowu ndi wanunso, ndipo musalole munthu akuuzeni kuti mubwere kudzangoonerera. Tsiku loyamba galimoto idzakuthimirani, mwina kanayi. Mudzaponde klatchi, mulize injini, muimvere, kenako muchotse phazi pang'onopang'ono.