Mlendo amene anajambula mvula ya ku Cape

Munthu wobadwira patsinde pa phiri saliona phirilo. Amaona njira ya kudimba, amaona mbuzi zikalowa m'munda, koma phiri anasiya kale kulipenya. Ndi mmene ziliri ku Vubwi, boma la m'malire a Malawi ndi Mozambique limene linapatulidwa ku Chadiza m'caka ca 2012. Mapiri ake ndi okongola, koma amene amaima nawayang'anitsa kawirikawiri ndi alendo. Pali mbiri ya mlendo wina wa kutali imene eni dera la Mfumu Pembamoyo ayenera kuimva.

Dzina lake anali Pieter Wenning. Anabadwira ku The Hague, m'dziko la Holland, m'caka ca 1873, ndipo anagwira nchito ku kampani ya njanji kufikira anacotsedwa cifukwa ca sitiraka ya 1903. Mu 1905 anafika ku Pretoria kudzakhala kalaliki m'sitolo ya mabuku ya De Bussy. Kujambula ndi utoto anali kucita akaweruka ku nchito. Mu 1916, anzake anasonkhanitsa ndalama kuti Wenning apite ku Cape Town akajambule popanda cina comutangwanitsa, ndipo kumeneko D.C. Boonzaier, wojambula zithunzi zoseketsa m'nyuzipepala, anamuthandiza.

Kajambulidwe kamene anatsata kamachedwa Impressionism, ndipo kanachuka ku Paris mu 1874 ndi anthu monga Claude Monet. Wojambula sakhala m'nyumba kuwerenga masamba a mtengo limodzi limodzi iai. Amaturuka panja ndi nsalu ndi burashi, najambula msanga zimene diso lagwira kuwala kusanasinthe. Koma Wenning anakulira ku dziko la mitambo ndi nkhungu. Pamene ena anathamangira dzuwa ndi mapiri aatali, iye anakonda masiku a mvula, zipupa zakale zonyowa, mitengo yakuda ndi tinjira ta matope. Eni dziko anali kudutsa pa zinthu zimenezi tsiku ndi tsiku osaziyesa kanthu. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka Wenning kanali maso amene anali asanazolowere.

Sanadyerere thukuta lake. Anamwalira ku Pretoria mu 1921 ali wosauka ndi wodwaladwala, patangopita zaka zisanu cifikire ku Cape. Koma kalumo kaja sikanapite naye kumanda. Mwana wa Boonzaier, Gregoire, wobadwa mu 1909, anakula akuona zithunzi za Wenning m'nyumba mwa atate wake, ndipo anadzakhala mmodzi wa otsogolera gulu la New Group mu 1938. Iye anajambula kwambiri District Six, dera la anthu osauka m'Cape Town. Boma la tsankho litalengeza mu 1966 kuti malowo ndi a azungu okha, nyumba zinagwetsedwa, anthu anasamutsidwa, ndipo zithunzizo zinatsala ngati mboni.

Apa ndi pamene pagona nkhani kwa anthu a ku Vubwi. Mitengo ikutha ndi makala ndi zigafa za fodya, ndipo okumba golide akusintha maonekedwe a mitsinje. Mwana wobadwa lero adzamva kuti pa phiri lakutilakuti panali nkhalango ya misuku, koma ndani adzamuonetsa? Wina anganene kuti cithunzi sicidzaza nkhokwe, ndi kuti foni iri yonse imajambula. N'zoona. Komatu foni imatola m'kuphethira kwa diso, mwini wake asanaone n'komwe, pamene wa burashi amakhala pa malo amodzi mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ana omuzinga amayamba kufunsa cimene akuona pa phiri lao lomwelo.

Mlendo asatamidwe mopitirira. M'zithunzi zambiri za Wenning muli nyumba ndi mitengo, anthu ndi ocepa, ngakhale anali kujambula m'zaka zotsatira lamulo la 1913 limene linamana anthu akuda malo ambiri a South Africa. Mlendo amaona kuwala, koma sadziwa kuti pansi pa mkuyu uja pali manda a yani. Zimenezo amadziwa ndi mwini mudzi, ndipo n'cifukwa cake burashi iyenera kufika m'manja mwa mwana wa pamudzi. Henry Tayali, amene dzina lake liri pa nyumba ya zojambula ku Showgrounds mu Lusaka, anayamba luso lake ali mlendo ku Bulawayo, nadzabwera nalo kwao ku Zambia.

Kujambula si kwacilendo kwa Acewa. Pa matanthwe a Kalemba ku Chadiza ndi Makwe ku Katete pali zithunzi za makolo zimene mvula ya zaka zosawerengeka sinafafanize. Cimene cikusowa ndi cacing'ono: aphunzitsi aakulu a sukulu apatule tsiku la kujambula panja, khonsolo ipereke cipupa cimodzi copacikapo zithunzi za dera lake, ndipo wojambula wocokera ku Mchinji kapena ku Tete akafika ndi utoto wake, mafumu amupatse pogona ndi ana oti aziyenda naye. Nyengo yabwino yoyambira ndi ya dzinja, pamene mitambo imatsika nidula mapiri pakati.