Kodi kamera ikudyetsabe banja ku Mzuzu?

Kale, wojambula zithunzi ankangokoleka kamera m'khosi n'kuyamba kuzungulira ku Chibavi, Zolozolo kapena Mchengautuwa. Ankajambula ana ndi mabanja pakhomo, kukatsukitsa filimu, kenako n'kubwerera kudzatolera ndalama zake. Lero ambiri mwa makasitomala amenewo ali ndi kamera m'thumba, ya pafoni, ndipo chithunzi chimafika kwa achibale ku Johannesburg pa WhatsApp nthawi yomweyo.

Vuto loyamba la ojambula a ku Mzuzu ndi kuchepa kwa msika. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mzindawu uli ndi anthu oposa 220,000 pang'ono, pomwe Lilongwe idali kuyandikira 1 miliyoni. Malikulu a boma ndi a makampani ambiri, omwe amalipira bwino pa zithunzi zotsatsira malonda, ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Nayo ntchito ya zithunzi za ziphaso, yomwe inkabweretsa kangachepe tsiku ndi tsiku, idachepa. Mwachitsanzo, pa kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, bungwe la NRB linkajambula lokha anthu pamalo olembetsera.

Zatsala ndi maukwati, zinkhoswe, misonkhano ya mipingo ndi mabungwe komanso miyambo ya omaliza maphunziro pa Mzuni ndi Unilia. Koma izi zimayendera nyengo. Maukwati ambiri amachitika m'chilimwe, anthu akakolola n'kugulitsa mbewu. Dzinja likafika, wojambula akhoza kutha milungu ingapo kamera ili m'chikwama pamene mwini nyumba akudikira lendi.

Kugwa kwa kwacha nako kudathira mchere pachilonda. Kamera, mabatire, inki ndi mapepala osindikizira zithunzi zonse ndi zochokera kunja. Ndalamayi idatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Zipangizo zidakwera mtengo, koma wojambula akakweza wake, eni ukwati amangoitana mphwawo yemwe ali ndi foni yabwino.

Ngakhale zili choncho, ntchitoyi sidafe. Foni imajambula, koma sidziwa poima mkwatibwi akamalowa m'tchalitchi, kapena chochita kuwala kukachepa m'holo. Ukwati subwerezedwa, ndipo banja lomwe lapulumutsa ndalama pa wojambula likhoza kutsala ndi zithunzi zosaoneka nkhope moyo wonse.

Amene akupirira pamsika ndi omwe saika mtima pa chinthu chimodzi. Amajambulanso vidiyo, kusindikiza makhadi a ukwati, kukonza zithunzi zakale za makolo, komanso kutsata ntchito ku Nkhata Bay, Rumphi, Karonga ndi Mzimba.

China chomwe chingawateteze ndi mgwirizano wolemba. Kulandiriratu gawo la ndalama tsiku lisadafike, komanso kulemba chiwerengero cha zithunzi ndi tsiku lozipereka, kumathetsa mikangano mbali zonse ziwiri. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limatetezanso zithunzi, choncho wochita malonda sayenera kungotola chithunzi pa Facebook n'kuchiika pachikwangwani chake.

Mutu umodzi susenza denga. Ojambula a mumzindawu akapitiriza kugwetserana mitengo polimbirana makasitomala ochepa omwewo, kamera ikadzawonongeka sadzakhala ndi yogulira ina.