Mapu a pakompyuta angathandize kuteteza phiri la Zomba

ZOMBA – Phiri la Zomba ndiye gwero la madzi a mzindawu kudzera m'damu la Mulunguzi, komanso ndi komwe kumachokera mitsinje ya Likangala ndi Domasi yomwe imathira m'nyanja ya Chilwa. Choncho mitengo ikatha paphiripa, vuto limafika pa mpopi wa m'tauni ndi pa ukonde wa msodzi ku Kachulu.

Funso lomwe limavuta adindo ndi lakuti: pa kusintha komwe kukuoneka, mbali ya nyengo ndi iti ndipo mbali ya anthu ndi iti? Apa ndi pomwe luso la GIS likufunikira. Lusoli limasanjikiza pakompyuta zithunzi za setilaiti, mapu a mitsinje, kutsetsereka kwa malo, mlingo wa mvula ndi chiwerengero cha anthu, kuti zonse zioneke pamodzi.

Zithunzi za Landsat zinayamba kujambulidwa mu 1972 ndipo kuyambira 2008 zimapezeka mwaulere. Poziyerekeza chaka ndi chaka, akatswiri atha kuona pomwe nkhalango yasanduka minda kapena nyumba.

Mbiri ikusonyeza kuti si vuto lililonse lomwe ladza ndi anthu. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi 1995 mvula itavuta, ndipo Napolo anakokolola mbali ina ya tauniyi mu Disembala 1946. Koma mvula ya mphamvu ngati ya namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 ikagwa pa phiri lopanda mitengo, dothi limakokoloka msanga n'kudzaza mitsinje. Mapu ndi omwe angaonetse malo omwe zinthu ziwirizi zikukumana.

Komabe lusoli lili ndi malire. Setilaiti siisiyanitsa paini wodulidwa ndi chilolezo ndi mtengo wogwetsedwa mozemba kuti auotche makala. Pafunikabe alonda a nkhalango ndi mafumu kukatsimikiza pamalopo.

Mwayi wa Zomba ndi wakuti nthambi zofunika zili mumzinda momwemu: ofesi ya kafukufuku wa nkhalango ya FRIM, nthambi ya kafukufuku wa miyala ndi nthaka, ofesi ya kalembera ya NSO ndi sukulu yaukachenjede ya University of Malawi. Chofunika ndi chakuti nthambizi zizigawana zomwe zapeza, ndipo khonsolo iziyamba yaona mapuwo isanapereke malo omangapo nyumba m'munsi mwa phiri.